Mukafuna kuchita apilo, ana anga

Ana anga, mawu amene amamveka kawirikawiri pakhonde la khoti mlandu ukangogamulidwa ndi akuti, "Ine sindikuvomereza, ndichita apilo." Wogonjayo amawanena mokweza kuti mnzake amve, abale ake n'kumavomera kuti eya, tikaonana kutsogolo. Akatero amakwera kabaza kubwerera ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Chikanda, ndipo kwa ambiri apiloyo imathera pakhonde pomwepo. Ena amaichitadi koma mochedwa. Ena amafika pa nthawi yake atanyamula mkwiyo wokhawokha, wopanda poti jaji n'kugwirapo. Monga nkhoswe komanso mkulu wa pabanja ndakhala ndikuperekeza abale ndi anansi ku milandu ya ngongole, ya maukwati ndi ya malire a minda, ndipo zimandiwawa kuona munthu amene anali ndi mfundo zomveka akutaya munda wa amayi ake chifukwa chosadziwa njira. N'chifukwa chake ndati ndikulembereni inu amene mwayamba kugula mapuloti, kukongozana ndalama ndi kumanga mabanja.

Milandu imene ndikunena ndi ya pakati pa munthu ndi mnzake, yopanda wapolisi woimira boma: ngongole, kusamvana pa malonda, kutha kwa banja, kugawana katundu, chithandizo cha ana, chipukuta misozi. Yambiri imayambira kwa majisitireti. Amajisitireti ali ndi magiredi awo, ndipo giredi iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingaweruze. Pamwamba pawo pali High Court, pamwamba pa High Court pali Supreme Court of Appeal, imene ikagamula nkhani yatha. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe, pakuti High Court ili ndi nthambi mumzinda mwathu muno, monganso ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Wa ku Mangochi amataya tsiku lathunthu ndi ndalama za minibasi kuti afike pamene inu mumafika wapansi.

Bwalo la mfumu lili ndi njira yakeyake. Mukapanda kukhutira kwa nyakwawa mumapita kwa gulupu, kuchoka apo kwa T/A, ndipo nkhani zambiri za m'mudzi zimathera kumeneko bwinobwino, anthu n'kumwera limodzi thobwa. Koma mukachoka kwa mfumu kupita kwa majisitireti simukuchita apilo ayi, mukuyamba mlandu watsopano, wokhala ndi chisamani chake ndi mboni zake. Pa malo a makolo, lamulo la Customary Land Act la 2016 linaikanso mabwalo akeake oyambira kwa T/A, choncho funsani kaye kumene nkhani yanu iyenera kuyambira musanalipire ndalama ya chisamani.

Njira yokwera imeneyi musaione ngati yamasewera, chifukwa ife tinakula palibe. Kuyambira 1969 boma la Kamuzu Banda linapatsa mphamvu zazikulu makhoti amene ankatchedwa Traditional Courts. Milandu yambiri ya anthu wamba inkaweruzidwa kumeneko, loya sankaimira munthu m'menemo, ndipo apilo yake sinkapita ku High Court, inkazungulira m'makhoti omwewo mpaka ku National Traditional Court of Appeal. Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera, nayenso loya, pa 24 Disembala 1981. Anawaweruzira m'khoti lotere pa mlandu woukira boma, popanda wowaimira, ndipo mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Anachita apilo, koma mu Febuluwale 1984 khoti la apilo la mtundu womwewo linaikana. Kamuzu anasintha chilangocho kukhala ndende moyo wonse. Orton anamwalira mu Okutobala 1992 m'ndende yaikulu ya Zomba, yomweyi mumaidutsa tsiku ndi tsiku, ndipo Vera anatuluka mu Januwale 1993. Mlandu wawo unali wosiyana ndi wa ngongole ya matabwa, komabe iwo anasowa chinthu chimene inu muli nacho lero: khoti lina, loima palokha, lowerenga zimene khoti loyamba linachita ndi kunena mosaopa kuti apa panalakwika. Malamulo aakulu a dziko a 1994, m'gawo 41, anapatsa munthu aliyense ufulu wofika kukhoti kuti nkhani yake ithetsedwe. Ndikaona mwana akuutaya ufuluwu chifukwa cha ulesi wowerenga kalendala, mtima umandipweteka.

Tiyambe ndi kalendalayo. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo kumudzi n'zoona, nkhani ya mbuzi imene inadya chimanga agogo anu ali moyo itha kudzuka lero pabwalo. Kukhoti ufulu wa apilo umaola, ndipo umaola msanga. Pa mlandu wochokera kwa majisitireti kupita ku High Court muli ndi masiku 14 kuchokera tsiku la chigamulo kuti mupereke chikalata chodziwitsa khoti kuti mukuchita apilo. Chikalatachi mumachipereka kukhoti lomwelo limene lakuweruzani. N'chachifupi: mayina a okangana, nambala ya mlandu, tsiku la chigamulo, ndi kunena ngati mukutsutsa chigamulo chonse kapena mbali yake yokha. Powerenga masikuwo musachotse Loweruka ndi Lamulungu. Werengani onse, ndipo mudziikire nokha malire pa tsiku lakhumi.

Masiku 14 amaoneka ambiri mukamatuluka m'khoti, koma taonani mmene amathera. Sabata yoyamba munthu amangokhalira kufotokozera aliyense mmene amulakwira. Kenaka akuti tidikire amalume abwere kuchokera ku Lilongwe tikhale pansi monga banja. Pakati apo pagwa maliro ku Jali, masiku atatu apita. Wina wophunzira pang'ono akuti tisachite kanthu mpaka chigamulo chitayipidwe tichiwerenge bwino, ndipo apa ndiye pamene amagwera ambiri. Masiku sadikira wotayipa. Amayamba kuyenda pamene majisitireti wawerenga chigamulo pamaso panu. Perekani kaye chikalata chodziwitsa, kukhala pansi ndi amalume kubwere pambuyo. Mukadzagwirizana kuti apiloyo ilibe phindu, kuichotsa n'kosavuta kusiyana ndi kupempha kuti ilowe mochedwa.

Khomo la ochedwa lilipo koma ndi lopapatiza. Mumapempha khoti kuti likuwonjezereni nthawi, mumalumbira papepala chifukwa chimene munachedwera, ndipo khoti limayang'ananso ngati apilo yanuyo ili ndi mutu. Amene anagonekedwa kuchipatala, ali ndi buku lake losonyeza tsiku lolowa ndi lotuluka, amamveka. Amene akungoti ndinkafunafuna ndalama, kapena sindinkadziwa, amavutika kukhutiritsa jaji, makamaka ngati papita miyezi. Dziwaninso kuti masiku amasiyana malinga ndi khoti. Mlandu wa pantchito woweruzidwa ku Industrial Relations Court uli ndi masiku 30, ndipo High Court imangomva za lamulo kapena za mphamvu za khotilo, zoti ndani ananena zoona pa tsiku limene munachotsedwa ntchito zinathera komweko. Kuchoka ku High Court kupita ku Supreme ndi masabata 6 pa chigamulo chomaliza, koma masiku 14 okha ngati ndi chigamulo cha pakati pa mlandu.

Tsono chimene ndikufuna kuti mumvetsetse koposa ndi ichi: ku apilo simukakamba mlandu kachiwiri. Ambiri amaganiza kuti akaima pamaso pa jaji afotokoza kuyambira pachiyambi, aitana mboni ija inakana kubwera ulendo woyamba, agwetsa msozi, jaji amva chisoni. Jaji amalandira fayilo. M'menemo muli chisamani, yankho la wosumiridwa, zimene majisitireti analemba pomva mboni, mapepala amene analandiridwa monga umboni, ndi chigamulo. Amaunika zonsezo mwatsopano, ndipo ali ndi mphamvu yofika pa maganizo akeake, koma chimene akuunika ndi zolembedwa. Mukakwera phiri lathu n'kuima pa Emperor's View mumaona nyanja ya Chilwa, phiri la Mulanje ndi misewu ya m'tauni mmene yayendera, koma nkhope ya munthu amene ali pamsika simungaione. Jaji wa apilo waima pamalo otero. Amaona bwino ngati mlandu unasochera, koma sanaione mboni ikuchita chibwibwi kapena ikuyang'ana pansi. N'chifukwa chake majisitireti akalemba kuti uyu ndamukhulupirira, uyo ayi, jaji sasintha wamba, pokhapokha zolembedwazo zikusonyeza poyera kuti kukhulupirirako kunalibe pogwira.

Tiyerekeze mnyamata wa ukalipentala ku Mpondabwino. Anagwirizana ndi wocheka matabwa kuphiri kuti amutsitsire matabwa a paini a K900,000. Analipira K500,000 pamanja tsiku limene matabwa anafika, K400,000 yotsalayo anatumiza pa Airtel Money patatha mwezi. Mawa lake foni ya wamatabwa yatayika, mawu asintha, wakasuma kuti yotsalayo sanalandire. Pa tsiku la mlandu kalipentala watulutsa foni m'thumba, waikweza m'mwamba, akuti, "Bwana, uthenga wake ndi uwu." Kalaliki wasuzumira, majisitireti wagwedeza mutu, foni yabwerera m'thumba. Mnyamata wakhala pansi mtima uli m'malo poganiza kuti umboni wapereka. Koma m'fayilo mwangolowa mzere umodzi wonena kuti wosumiridwa akuti analipira. Kwa jaji wa apilo foni ija kulibe.

Akanapita kaye kuofesi ya kampani ya foniyo kukatenga pepala losonyeza tsiku, nambala ndi ndalama zimene zinatumizidwa, n'kulipereka m'khoti, n'kupempha kuti lilandiridwe monga umboni ndi kulembedwa chizindikiro chake, nkhani ikanakhala ina. Mwina akanapambana pomwepo. Ndipo akanagonja, majisitireti osalitchula n'komwe pepalalo m'chigamulo chake, apilo yake ikanakhala ndi fupa. High Court ili nayo mphamvu yolola umboni watsopano, koma imatero mwa apo ndi apo, makamaka pa umboni umene simukanatha kuupeza pa nthawi ya mlandu woyamba. Pepala limene linali kuofesi ya m'tauni momwemo nthawi yonseyi silikhala m'gulu limenelo.

Mukuona tsono kuti apilo imakonzedwa mlandu woyamba uli mkati. Khoti limalemba m'Chingerezi. Inu mumayankhula Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe, womasulira amatembenuza, majisitireti amalemba ndi dzanja. Mukamathamanga poyankhula, theka la mawu anu limagwera pansi. Nenani chiganizo chimodzi, dikirani cholembera chiime, kenaka pitirizani. Tchulani masiku, malo ndi ndalama momveka. Mukamva kuti womasulira wanena kuti munda munapatsa munthu pamene inu mwanena kuti munamubwereka, pemphani mwaulemu kuti pakonzedwe nthawi yomweyo, chifukwa pa apilo mzere umenewo udzawerengedwa monga mawu a pakamwa panu.

Pali mphindi inanso imene anthu athu amaitaya chifukwa cha ulemu. Mboni ya mnzanu ikatha kuyankhula, khoti limakufunsani kuti, "Muli ndi funso kwa mboniyi?" Ambiri amati, "Ndilibe, bwana," poganiza kuti adzayankha ikafika nthawi yawo, kapena pochita manyazi kutsutsa munthu wamkulu pagulu. Ena m'malo mofunsa amayamba kukangana nayo mpaka kuwakhazika pansi. M'fayilo zonsezi zimaoneka chimodzimodzi: mboni inanena, palibe anaitsutsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ana anga. Funsani mafunso aafupi. Munalipo pamene tinkagwirizana mtengo? Linali tsiku lanji? Ndalama munaziona ndi maso anu kapena munachita kuuzidwa? Mayankho ake ndi amene jaji adzawerenge.

Mukapereka chikalata chodziwitsa chija mumalipira ndalama ya khoti ndi ya kukonza fayilo. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti ili ndi lisiti la boma. Lisungeni pamodzi ndi kope la chikalata chanu lodindidwa chidindo chosonyeza tsiku, m'pulasitiki, pamalo posafika mvula kapena chiswe. Tsiku lina wina akadzati apilo yanu inalowa mochedwa, chidindo chimenecho ndicho chidzakuyankhireni. Zolemba pamanja za majisitireti zimayenera kutayipidwa, ndipo apa ndi pamene ma apilo ambiri amagona tulo, chifukwa milandu ndi yambiri, otayipa ndi ochepa. Musakhale kunyumba kudikira kuitanidwa. Pitani kukafunsa, mwaulemu koma mosatopa, ndipo muzilemba m'kope tsiku limene mwapita ndi zimene mwauzidwa. Khoti likakudziwitsani kuti fayilo yakonzeka, pamayamba masiku ena 14 oti mulembe zifukwa zanu za apilo ndi kuzipereka ku High Court.

Zifukwazi ndizo mtima wa nkhani yonse. "Majisitireti anakondera" si chifukwa, "chigamulo chinali chankhanza" sichinakwanenso. Chifukwa chenicheni chimaloza malo: majisitireti analakwitsa pogamula kuti sindinalipire osaganizira pepala la Airtel Money limene khoti linalandira, anaweruza mlandu wa ndalama zopitirira malire a giredi yake, anatseka mlandu ndisanaitane mboni yanga ngakhale ndinapempha, anagawa katundu osafunsa mmene anapezedwera, anagwiritsa ntchito lamulo limene linasinthidwa kale. Chilichonse mwa izi jaji atha kutsegula fayilo n'kuona ngati n'zoona. Ngati mukukhulupirira kuti panayenda ziphuphu ndipo muli ndi umboni, kuli Anti-Corruption Bureau ndi Judicial Service Commission. Koma kulemba chipongwe chopanda umboni m'chikalata cha apilo kumangodetsa mfundo zanu zabwino.

Ndipo musachulukitse. Nonse mukukumbukira mlandu wa chisankho. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu a High Court, mmodzi wa iwo Redson Kapindu amene ankaweruza konkuno ku Zomba, anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019. Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho anachita apilo ku Supreme, ndipo bungwelo linabwera ndi zifukwa zoposa 100. Pa 8 Meyi 2020 majaji asanu ndi awiri, motsogozedwa ndi Andrew Nyirenda, anaikana apiloyo, ndipo anadzudzula poyera kalembedwe ka zambiri mwa zifukwazo. Ngati maloya odziwika, okhala ndi ndalama za boma kumbuyo kwawo, sanapindule ndi mulu wa zifukwa, inu mupindula nawo bwanji? Sankhani ziwiri kapena zitatu zolimba, muzilembe mwachidule, chilichonse pachokha.

Mlandu womwewo ukuphunzitsaninso china. Atangochita apilo anapempha kuti chigamulo chiyambe chaima, khoti linakana, ndipo zokonzekera chisankho chatsopano zinapitirira mpaka anthu anavota pa 23 Juni 2020. Kuchita apilo pakokha sikuimitsa chigamulo. Anthu ambiri amabwera kuchokera kukhoti atapinda chikalata chawo m'thumba, akuti tsopano tapuma, ndipo patapita milungu ingapo a sherifi afika pakhomo ndi galimoto. Amalemba firiji, njinga yamoto, makina opalira matabwa, ndipo pa ngongole ija pamawonjezekera ndalama za a sherifi omwewo. Kuwaonetsa chikalata cha apilo sikuwabweza. Chimene chimawabweza ndi lamulo lapadera loimitsa chigamulo, limene mumalipempha poyamba kukhoti limene linagamula, likakana mumapita ku High Court. Khoti limayambira pa mfundo yakuti wopambana adye zipatso za kupambana kwake, choncho inu musonyeze chifukwa chomudikiritsa: kuti nyumba ikagulitsidwa siidzabweranso, kapena kuti mukamulipira ndalamazo sadzatha kubweza apilo ikadzakukomerani. Nthawi zina khoti limavomera koma n'kulamula kuti ndalamazo muzisungitse kukhoti. Pempho limeneli liyendere limodzi ndi chikalata chodziwitsa chija.

Apa ndiyankhule ndi inu anyamata mosabisa. Alipo amuna amene khoti likawalamula kupereka chithandizo cha ana mwezi ndi mwezi, kapena kumanga nyumba kwawo kwa mkazi monga mwambo wathu wa chikamwini umanenera, amathamangira apilo ndi cholinga chongofuna kutopetsa mayiyo. Amadziwa kuti alibe mfundo, akungowerengera kuti iye alibe ndalama ya minibasi yochokera ku Mayaka kapena ku Chingale ulendo ndi ulendo. Zimenezo ndi nkhanza. Mwana sasiya kudya podikira jaji, ndipo sukulu siimitsa fizi. Ngati ndalama imene analamula yaposadi mapezedwe anu, nenani zimenezo, onetsani zimene mumalandira, pemphani kuti ichepetsedwe, koma pakali pano muzipereka.

Kwa inu atsikana mawu anga ndi osiyana. Ambiri a inu mumagonja msanga. Banja likatha, katundu yense wapita kwa mwamuna chifukwa malisiti ali m'dzina lake, inu mwatuluka ndi mapoto ndi zitenje, achibale akuti zisiye, Mulungu ndiye adziwa. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limati mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso chithandizo choyenera, ndipo lamulo la maukwati la 2015 likutsatira mzere womwewo. Majaji a High Court akhala akunena kuti sapenya lisiti lokha, amapenyanso mmene katunduyo anapezedwera ndi zimene aliyense anaikapo. Mayi amene kwa zaka zambiri ankagulitsa sitiroberi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe, ndalama yake n'kumagula malata ndi kudyetsa amisiri, anaikapo dzanja pa nyumba imeneyo. Ngati munanena zimenezi m'khoti majisitireti osaziganizira, muli ndi chifukwa cha apilo, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Palinso nthawi imene apilo si njira yake. Ngati chigamulo chinaperekedwa inu kulibe, mwina chisamani sichinakupezeni kapena munali kuchipatala, bwererani msanga kukhoti lomwelo mukapemphe kuti chigamulocho chichotsedwe mlandu umvedwe bwino. Ngati munagwirizana nokha pamaso pa khoti n'kusayina, kudzatsutsa pambuyo pake n'kovuta kwambiri, choncho musasayine chimene simunachimvetse, ngakhale dzuwa litapendeka ndipo aliyense akufuna kupita kwawo. Ndipo khalani pansi muwerengere. Wogonja pa apilo kawirikawiri amalipiranso zimene mnzake wawononga. Kuthamangitsa ngongole ya K150,000 kwa chaka chathunthu, kutseka shopu tsiku lililonse la khoti, kulipira fayilo ndi mayendedwe, mwina n'kutaya zambiri kuposa zimene mukufuna kupulumutsa. Munda wa makolo, nyumba, kapena kumene ana akakhale, zimenezo ndi zoyenera kuzimenyera. Koma zikakhala kuti chakupwetekani ndi kuseka kwa mnzanu pakhonde paja, gonani kaye usiku uwiri musanalipire kalikonse.

Lamulo silikukakamizani kukhala ndi loya ku High Court, mutha kudziimira nokha. Komabe kulemba zifukwa za apilo ndi luso, ndipo safunsa anadya phula. Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza amene sangakwanitse kulipira loya, lili ndi ofesi kuno ku Zomba. Ku University of Malawi, ku Chirunga, ophunzira zamalamulo amathandiza anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Pitani m'masiku oyambirira, mutanyamula nambala ya mlandu ndi mapepala onse, osati tsiku la 13 madzulo. Inu amene muli ndi intaneti pafoni, zigamulo zambiri za High Court ndi Supreme zili pa MalawiLII, zowerenga ulere. Werenganiko ziwiri zitatu zofanana ndi nkhani yanu muone mmene majaji amaganizira. Amene muwapewe ndi madobadoba, anthu ovala jekete amene amakupezani panja n'kunena kuti amadziwana ndi akuluakulu a mkatimo, mungowapatsa kangachepe fayilo iyenda. Ndalama yopanda lisiti yapita, ndipo mwina mwadziika nokha pa mlandu wa ziphuphu. Mukakayika za munthu amene akudzitcha loya, funsani ku Malawi Law Society ngati ali ndi chilolezo.

Tsiku lomva apilo likafika mudzadabwa kufupika kwake. Mulibe mboni, mulibe kulumbira. Jaji wawerenga kale fayilo, ndipo adzakufunsani kuti musonyeze pamene pali cholakwika. Dziwani tsamba lake. Mukati majisitireti sanaganizire pepala langa, nenani kuti pepalalo lili apa, chigamulo chili apa, ndipo m'chigamulomo mulibe. Mnzanu adzayankha, kenaka jaji adzagamula tsiku lomwelo kapena adzakuuzani kuti mudzamva. Atha kuikana apilo, atha kutembenuza chigamulo chonse, atha kusintha mbali yake monga kuchepetsa ndalama, atha kulamula kuti mlandu ukayambirenso kwa majisitireti. Zikatero musakhumudwe, ndiwo mwayi wokonza zonse zija zinatsala m'thumba ulendo woyamba. Mukagonjanso, njira ya ku Supreme siitseguka yokha: pa mlandu umene High Court inaumva monga apilo mumayamba mwapempha chilolezo, ndipo pamenepo loya ndi wofunika ndithu.

Ena mwa inu mudzakhala mbali inayo, mwapambana kwa majisitireti ndipo mnzanu ndiye wachita apilo. Musanyozere chikalata chimene akubweretserani poganiza kuti zanu zinatha kale. Werengani zifukwa zake, konzani yankho pa chilichonse, ndipo pa tsiku lake mukapezeke, chifukwa jaji atha kumva mbali imodzi inu kulibe. Akapempha kuti chigamulo chiime, muli ndi ufulu wotsutsa kapena wopempha kuti ndalama zisungidwe kukhoti. Ndipo mukaona kuti miyezi ikupita iye sakuchitapo kanthu, fayilo sakuilondola, zifukwa sanapereke, akungofuna kuti inu mutope, pitani ku High Court ndi malisiti ndi makope anu mukapemphe kuti apiloyo ichotsedwe, kuti chigamulo chanu chigwire ntchito.